Duku la Mayi Nkhanga ndi Mafuta a Bilimankhwe

Padangokhala, ndipo inu muzivomera kuti tili limodzi, msika waukulu wa nyama ndi mbalame. Masiku amenewo nkhanga zidali ndi nthenga pamutu, zakuda, zofewa, zonyezimira, osati chidazi chimene mumachiona lerochi.

Pamsikapo padali kapitawo, dzina lake Njiri. Adamuika ndi akhonsolo ya nyama, ndipo ntchito yake idali kuona kuti wogulitsa asanamize wogula. Njiri sadali wakuba, ziphuphu sankalandira. Vuto lake lidali limodzi: ankakhulupirira maso ake okha, ndipo maso a Njiri mukuwadziwa kuchepa kwake. Malamulo ake adali awiri basi. Loyamba linkati chimene walemba pachikwangwani, kapena waimba ndi pakamwa, chioneke. Lachiwiri linkati wodandaula kuti malonda amupweteka aonetse bala.

Tsiku lina pamsikapo padafika mlendo, Bilimankhwe. Mtundu wake kudalibe adauonapo, choncho palibe ankadziwa kuti mkuluyu amasintha khungu yekha, popanda mankhwala. Adafika ali mbuu ngati phulusa, nayala chiguduli, nandandalika timabotolo, nazika chikwangwani. Pachikwangwanipo adajambula mitu iwiri, wina wotuwa, wina wowala, ndipo pansi adalemba kuti Mafuta a Walawala amawalitsa aliyense.

Kenaka adayamba kuimba. Nyimbo yake idali yaifupi, yovinika. Iye ankatsogolera, kuuza wotuwa kuti apukute misozi poti mafuta afika, ndipo amayi ogulitsa mtedza ndi therere ankavomera potchula dzina la mafutawo kawiri, akuomba m'manja. Pofika pachimake, Bilimankhwe ankapisa chala m'kamphika kamene adakabisa pansi pa chiguduli, nkudzipaka pamphumi, nkusanduka wobiriwira. Msika wonse unkakuwa.

M'kamphikamo mudali mafuta a nsatsi wamba. Koma m'timabotolo togulitsa adasakanizamo utomoni wa nkhadze, chifukwa umanyerenyetsa, ndipo wogula akamva kunyerenyetsa amati mankhwala akugwira ntchito. Aliyense wogula ankamuuza mawu amodzimodzi.

"Mukadzolere kunyumba. Bongololo sadzolera mafuta pagulu. Mukadzola mumange duku, musavule mpaka kunyerenyetsa kutatha."

Ameneyo ndiye adali Bilimankhwe. Ankagulitsa moto, nkugulitsiratu ndi chivundikiro chake.

M'mudzi wapafupi mudali Mayi Nkhanga, nankungwi wotchuka. Atsikana onse a dera limenelo adadutsa m'manja mwawo, ndipo mwambo wawo waukulu udali wakuti thupi limene udabadwa nalo ndilo lako, za m'botolo uzisiye. Adali ndi mwana mmodzi yekha, Namawanga, ndipo chinkhoswe chake chidali pafupi. Tsono kudamveka mphekesera yoti asewere awo, amayi a mnyamata, adzabwera atakonza mutu moti anthu adzaiwala kuti kuchikazi kulinso amayi. Mawu amenewo adawalowa Mayi Nkhanga ngati munga. Msika uli kutha, adazemba, nagula kabotolo, nakabisa m'nsalu.

Adadzola, namanga duku. Kudayamba kunyerenyetsa, iwo nkumwetulira. Kudayamba kutentha, iwo nkulimba mtima. Pamene adamasula duku lija, nthenga zonse zidatsalira m'nsalumo. Khungu lidali litapsa, ndipo pakati pa mutu padatupa chotupa cholimba ngati nyanga. Adalira mosatulutsa mawu, namanganso dukulo msangamsanga.

"Amayi, duku limeneli mukugona nalo?" adafunsa Namawanga.

"Ndili ndi chimfine."

"Anzanga onse akugula mafuta a mlendo uja. Nanenso ndikufuna ndidzawale pachinkhoswe."

"Usayerekeze."

"Chifukwa chiyani?"

"Chifukwa ndanena ine."

Mayi Nkhanga ankamudziwa bwino mwana wawo. Adaona kuti bola ngati chikwangwani chija chili chiimire, tsiku lina mwanayo adzagula. Choncho m'mawa mwake adapita ku kanyumba ka kapitawo, pachipata cha msika.

"Odi, bwana kapitawo."

"Lowani, anankungwi. Kwagwanji?"

"Ndabwera kudzaneneza mlendo wa mafuta uja. Chikwangwani chake n'chabodza, nyimbo yake n'njabodza. Mafuta aja amaotcha."

"Aotcha yani?"

Mayi Nkhanga adakonza mfundo ya duku lawo. "Mnzanga wina."

"Mnzanuyo ali kuti?"

"Ndi wamanyazi."

"Ndiye lamulo lachiwiri ligone kaye. Tiyeni tikayese loyamba."

Adapita. Njiri, monga mwa chizolowezi chake akafuna kuona chinthu bwinobwino, adagwada pamaso pa timabotolo tija.

"Iwe mlendo, walemba kuti wotuwa amawala. Chioneke."

"Bwana, mwandilemekeza," adatero Bilimankhwe. Adapisa chala m'kamphika kake kobisika, nadzipaka pamphumi. Adasanduka wobiriwira. Adadzipakanso, nasanduka wachikasu.

Njiri adadzuka, nasasa maondo. "Anankungwi, ndaona ndi maso anga. Chikwangwani chikunena zoona."

Bilimankhwe adayang'ana kapitawo ndi diso limodzi. Linalo lidali pa duku la Mayi Nkhanga, ndipo silidachokepo.

Asanafike patali adamva nyimbo ija yayambanso, koma tsopano idali ndi ndime yatsopano. Inkanena kuti ngakhale kapitawo wa msika wagwadira mafutawo. Amayi a mtedza ndi therere adavomera mwamphamvu kuposa kale, ndipo ena mwa iwo adali atavala maduku atsopano.

Tsiku la msika lotsatira Mayi Nkhanga adabwereranso.

"Odi, bwana kapitawo."

"Anankungwi, mwabwera ndi mnzanu uja?"

"Ayi. Koma ndaganiza. Mlendoyu amadzipaka yekha, ndipo sapisa m'botolo logulitsa. Atenge botolo limene amagulitsalo, apake wina."

Njiri adakanda pamimba, naganiza. "Pamenepo mwalasa. Tiyeni."

Atafika, Njiri adagwada, nalamula. Mayi Nkhanga adaloza kabotolo ndi dzanja lawo kuti pasakhale kusinthanitsa.

"Ndani adzipereka?" adafunsa Njiri.

Mayi Njiwa, wa nthenga zofewa, adayamba kusendera kutsogolo. Bilimankhwe adakweza dzanja.

"Pepani mayi, ulemu umayambira kwa akulu. Ndingapake bwanji wamba, bwana wanga ali pomwepa? Bwana, tasenderani kuno. Nkhope ngati yanuyi ikungosowa kuisamala pang'ono."

Chibadwire chake Njiri adali asanamvepo wina akuyamikira nkhope yake. Adasendera. Bilimankhwe adathira mafuta aja pamano aakulu a Njiri, napukuta mpaka adachita phuliphuli. Otsala adapaka pamphuno, pamene pali khungu loti minga imathyokera pomwepo.

"Mukumva kutentha, bwana?"

"Ayi."

"Nanga kuwala?"

Njiri adadziyang'anira m'chidebe cha madzi. "Kuwala ndiye ndawala."

"Apake wa nthenga!" adakuwa Mayi Nkhanga.

"Anankungwi, munati apake wina," adatero Njiri. "Kodi ine sindine wina?"

Nyimbo idakulanso. Ndime yatsopano inkanena kuti kapitawo sadangogwada, wadzola, ndipo akazi ake sakumuzindikira. Mzere wa ogula udafika mpaka kwa ogulitsa miphika. Kumapeto kwa mzerewo Mayi Nkhanga adaona Namawanga ataima ndi anzake, akugwedeza mutu motsata nyimbo. Adamugwira phiko, namukokera kunyumba.

"Amayi, mukundichititsa manyazi. Ngakhale akapitawo adzola."

"Akapitawo ali ndi khungu la ng'oma. Iwe uli nalo?"

"Nanga inu mwadziwa bwanji kuti amaotcha?"

"Mwana wabwino safunsa kawiri."

Ulendo wachitatu Njiri sadawalonjere bwino n'komwe.

"Mayi, mwandiyendetsa kawiri, ndipo kawiri konse mlendo wapambana. Ine ndimagwira ntchito ndi maso. Bweretsani mnzanuyo. Manyazi adapha lambe."

"Bwana, ingomulamulani anene zimene amathira m'mafutamo."

"Lamulo limenelo ndilibe. Koma poti ndinu anankungwi, tiyeni. Aka n'komaliza."

Bilimankhwe atawaona akubwera sadadikire funso. Adakwera pamwamba pa chikwangwani chake kuti aliyense amuone.

"Abale anga, mukudziwa chifukwa chake anankungwi akundilondalonda? Lero ndiulula. Amayiwa ndi kasitomala wanga. Adagula msika uli kutha, nabisa kabotolo m'nsalu."

Adaloza duku la Mayi Nkhanga, napitiriza.

"Mutu wawo wawala kwambiri moti akuusungira tsiku la chinkhoswe. Safuna inu muwale ngati iwo, n'chifukwa chake akufuna andithamangitse. Koma ine sindisunga mangawa. Mwana wawo naye adzawala pachinkhoswe, ndikulonjeza. Ngati ndikunama, avule duku."

Maso onse adatembenukira kwa Mayi Nkhanga. Atsikana amene iwo adawalangiza adali pomwepo. Abale a asewere awo adali pomwepo. Dzanja lawo lidakwera mpaka pamfundo ya duku, lidagwira, kenaka lidatsika. Adatembenuka, nachoka, kuseka kukuwatsata kumbuyo.

Ndime ya tsiku limenelo ndiyo idakoma kuposa zonse. Inkatchula nankungwi ndi dzina, inkanena za dzuwa lobisika m'duku, ndipo pofika madzulo ankaiimba ndi amene sadapite n'komwe kumsika.

"Amayi, n'zoona kuti munagula?" adafunsa Namawanga.

"Za pamsika usamamvere."

"Ndiye ndioneni m'maso, munene kuti n'zabodza."

"Konzeka. Mawa upite kwa azakhali ako ukawathandize kusinja chimanga cha chinkhoswe. Kumsika usapondeko."

Ine ndikafika pamenepa ndimapsa mtima. M'nyumbamo mudali awiri okha, chitseko chotseka. Kudali kungomasula mfundo imodzi, mwana nkuona, nkhani nkutha. Koma nankungwi adaganiza kuti kumutumiza mwana kutali n'kopepuka kusiyana ndi kumuonetsa mutu.

Namawanga adapita kwa azakhali ake. Mayi Nkhanga adakhala m'nyumba, osatuluka. Tsiku loti mawa ndi msika, adamva atsikana akudutsa kuseri kwa mpanda, akuimba ndime yawo ija. Mmodzi adati, "Mawa tonse tikagule. Namawanga naye akubwera mawa, wati nyimbo singaname za amayi ake omwe."

Mayi Nkhanga adakhala pansi. Adaona kuti dzina lawo ndilo lasanduka chikwangwani, ndipo mwana wawo akaliwerenga.

Kutangocha adali pachipata cha msika.

"Odi, bwana kapitawo."

"Mayi, ndidati komaliza."

"Ndabwera naye mnzanga uja."

Njiri adasuzumira kumbuyo kwawo. "Ali kuti?"

"Mukamuona konko. Imbani wenzulo, aliyense abwere."

Njiri adaimba wenzulo, msika wonse udasonkhana. Bilimankhwe adali atayamba kale nyimbo, ndipo atawaona adamwetulira.

"Kasitomala wanga wabwera! Mwadzatenga lina, amayi?"

Mayi Nkhanga adaima pafupi ndi chikwangwani, pambali pa mutu wowala uja, namasula duku, naliponya pansi.

Palibe adaseka. Ogulitsa mtedza adagwira pakamwa. Njiri adagwada, nayang'anitsitsa khungu lopsalo ndi chotupa chija.

"Ili ndiye bala," adatero.

"Ndine nankungwi wanu," adatero Mayi Nkhanga. "Ndidakuuzani kuti za m'botolo muzisiye, ine ndekha nkukagula. Onani. Atsikana inu, senderani pafupi, muone bwino."

Bilimankhwe sadataye nthawi. "Bwana, amayiwa sindidawagulitsepo kanthu. Awa ndi matenda akwawo. Ndani adawaona akugula kwa ine?"

"Iwe," adatero Njiri. "Udakwera pachikwangwani, nkunena pamaso panga kuti ndi kasitomala wako. Udaikanso m'nyimbo. Akazi anga akuiimba kunyumba."

"Nyimbo ndi nyimbo chabe, bwana."

"Lamulo loyamba likuti chimene waimba chioneke. Udaimba kuti m'dukumu muli dzuwa. Dzuwalo lili kuti?"

"Ndiye kuti sadatsate malangizo. Ena onse adadzola, ndani wadandaula?"

Pamenepo Mayi Nkhukundembo, amene ankatsogolera kuvomera nyimbo, adamasula duku lawo. Mutu udali psuu, wamakwinya, wopanda nthenga ndi imodzi yomwe. Mayi Muimba adamasula lawo, ndipo iwo adali atapaka mpaka m'khosi. Nkhanga zina za m'mudzi wa nankungwi zidamasula nazonso. Maduku adagwa pansi motsatizana. Aliyense ankaganiza kuti adapsa yekha chifukwa cholakwitsa kadzoledwe, ndipo ankaimba mokweza kuti anzake asamuganizire.

Njiri adatola kabotolo kamodzi. "Mlendo, ine udandipaka pamano. Tsopano dzola wekha, a m'kabotolo aka, ine ndikuona."

"Bwana, ine ndadzola kale m'mawa."

"Dzolanso."

Bilimankhwe adayang'ana kabotoloko ndi diso limodzi, linalo likufunafuna njira. Mantha adamugwira, ndipo khungu lidamupandukira. Adachita bii, adachita chikasu, adabiriwira, adachita mawanga, osakhudza mafuta ngakhale dontho.

"Taonani!" adakuwa Mayi Njiwa. "Amasintha yekha!"

"Ndaona ndi maso anga," adatero Njiri.

Adazula chikwangwani ndi mano ake owala aja, nachithyola pakati. Timabotolo adatikwirira m'dzenje. Adalamula kuti Bilimankhwe asadzapondenso pamsika uliwonse wa khonsoloyo. Pamene amayi aja adati amugwire, mkuluyo adali atakwera pamulu wa therere, nasanduka therere. Adamufuna mpaka kutopa.

"Anankungwi," adatero Njiri, "mukanabwera naye tsiku loyamba mnzanuyu, bwenzi maduku awa ali ochepa."

"Ndikudziwa, bwana."

Mayi Nkhanga adayang'ana m'gulu monse, koma Namawanga sadamuone. Mtima udakhala pansi. Adati mwana sanafike, ndamupulumutsa. Duku lija adalisiya pomwe lidagwera. Adayenda mutu uli pamtunda, dzuwa likuwaotcha pabala, ndipo kwa nthawi yoyamba chigulire mafuta aja adamva kupepuka.

Atafika pakhomo adamva wina akung'ung'udza nyimbo ija m'nyumba. Adakankha chitseko. Namawanga adali atabwerako kwa azakhali ake, atakhala pamphasa chofulatira, akupeta ufa. Kumutu adali atamanga duku latsopano.

"Amayi, mwabwera? Musakalipe. Kumsika sindidapondeko, monga munanenera. A Bilimankhwe adachita kunditumizira kwa azakhali, laulere, ati mphatso ya chinkhoswe poti ndine mwana wa kasitomala wawo."

"Wadzola liti?"

"Dzana. Kudayamba ndi kunyerenyetsa, tsopano kukutentha. Ndiye kuti akugwira ntchito, eti?"

Adatembenuka akumwetulira, naona mutu wa amayi ake. Lichero lidagwa.

Mayi Nkhanga adathamangira mtsuko. Adamasula duku la mwanayo, nathira madzi, natsuka, nathiranso. Nthenga zinkatsalira m'manja mwawo. Adatsuka mpaka mtsuko udauma, ndipo pamutu pa Namawanga padalibenso choti nkupulumutsa.

Mwanayo sadakuwe. Adagwira pamutu pake, nayang'ana pamutu pa amayi ake.

"Msika wonse wauona?"

"Wauona."

"Akapitawo auona?"

"Auona."

"Ine ndidakufunsani katatu, amayi, m'nyumba muno. Mukanangondionetsa."

Nankungwi, amene adali ndi yankho pa funso la mtsikana aliyense m'dera lonselo, adangotola duku la mwanayo kuti amumangenso. Namawanga adalikankha.

Chinkhoswe chidachitika, poti ankhoswe adali atapangana kale. Mayi ndi mwana adakhala pamphasa imodzi, mitu ili pamtunda, ndipo aliyense wofunsa ankamuuza zonse, osasiyako. Ana a Namawanga adabadwa ndi dazi, adzukulu chimodzimodzi, mpaka lero.

Bilimankhwe akadali moyo. Amayenda monyang'ama, diso lina kufuna wogula, lina kuyang'ana ngati kapitawo akubwera. Nkhanga nayo idasiya kusunga zinthu m'duku. Ikangoona choopsa, ngakhale chaching'ono, imakuwa nthawi yomweyo mpaka mudzi wonse umve, ndipo imayamba kuchenjeza anapiye ake.

Nthano ndaitula apa, wofuna kuisenza aisenze.